Nkhalamba ya m'Buku la Dona

Buku la nthano limene ndinaliwerengapo kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza ndi limodzi lokha, ndipo linali labodza. Sindikunena bodza la nthano, limenelo aliyense amalidziwa. Ndikunena bodza la munthu amene wakuyendetsa ulendo wautali, iwe n'kumamutsatira ndi mtima wonse, kenaka n'kukusiya panjira iye n'kumaseka. Amene analilemba sindimudziwa, mzungu wina wake. Ngati ali moyo, asadzadutse pakhomo panga.

Ine ndinakulira kwa Khwethemule, ndipo tiyi ndinayamba kuthyola ndili kamtsikana. Chimene chinanditulutsa m'munda ndi Chizungu. Sukulu ndinalekezera Sitandade sikisi, ndiye kunyumba kwa manijala kutafunika wochapa wodziwa kuwerenga zolembedwa pamabotolo, kapitawo anatchula ine. Ndinakhalako zaka zambiri, kuchapa, kusita, ndi kuona zinthu zimene sindinkauza munthu. Manijalayo atabwerera kwawo ku Joni anandiitanitsa kuti ndizikasamala mayi ake, amene maso anali atafa. Amuna anga anali atamwalira kale. Mwana ndinali naye mmodzi, Esinati, wokwatiwa ndi dalaivala wa thirakitala pa esiteti pomwepo, ndipo anali ndi khanda kumsana, Sitela. Tsiku lonyamuka mng'ono wanga Felesiya analira kuposa Esinati. Ndinamuyang'ana n'kudzifunsa kuti akulira chiyani ameneyu, poti chikanganirane malire a munda wa amayi tinkangopatsana moni wa panjira.

Ku Joni anandipatsa kachipinda kuseri kwa galaja, kozizira ngati mtsuko. Pasipoti bwana anaitenga tsiku loyamba lomwelo, akuti kuti isasowe. Masiku amene anandipatsa pamalire atatha sanawonjezeretse, ndipo kuyambira pamenepo ndikaona galimoto ya apolisi ndinkalowa m'sitolo iliyonse yapafupi n'kumafunsa mitengo ya zinthu zimene sindinkafuna. Mayi akewo ndinkawatcha Dona. Anali nkhalamba yowonda, yaukali, yomva ngakhale supuni ikagunda mbale kukhitchini. Ndinkawasambitsa, kuwadyetsa, kuwayendetsa pabwalo. Ndipo masana aliwonse akatha kumwa tiyi ankati, "Khala apo, werenga."

Tiyi ankamwayo mwina anali wa kwathu komwe. Sindinawafunse.

Bukulo linali lonenepa, ndipo ine Chizungu ndimawerenga ngati munthu woyenda m'matope, ndiye linatitengera miyezi. Nkhani yake inali ya kalekale kwawo kwa azungu, nthawi ya mafumu ndi akavalo, kulibe galimoto, kulibe chipatala. Mwana wa mwini chigayo wapezeka atafa m'chitsime, khosi lili ndi zipsera za zala. Mudzi wonse ukuloza nkhalamba ina yamasiye yokhala kumapeto kwa mudzi, chifukwa dzulo lake anaiona ikuthyola masamba pafupi ndi chitsimecho. Basi, umboni ndi womwewo. Aimanga, aitsekera m'chipinda cha pansi pa tchalitchi, ayamba kusonkhanitsa nkhuni zoti aitenthere kuti ndi mfiti. Ndiye pakubwera wansembe wina wochenjera, kumazungulira khomo ndi khomo kufunsa mafunso.

Ndinadabwa. Ine ndinkayesa ufiti ndi nkhani yathu yokha.

"Kwanu zimenezi zikadalipo, eti?" anandifunsa Dona tsiku lina akuseka.

"Ayi, Dona, zinatha kalekale," ndinatero. Ndikanawauziranji? Kuti akasekere kwa anzawo pafoni?

Lachinayi linali tsiku lathu lopuma, ife antchito a m'nyumba. Tinkakumana pakapinga pafupi ndi pokwerera mateksi, azimayi a kumudzi okhaokha, kudya buledi ndi tchipisi, kufunsana amene wamva za kwathu. Kumeneko n'kumene ndinkamasula lilime, nditatha sabata yonse ndikuti "yesi, Dona." Amene ndinkagwirizana naye kwambiri anali Anachisale, wa ku Luchenza, mayi wakuseka mokweza. Atandigwira malungo ndi iyeyo amene anandiphikira phala. Ndinkamukonda, koma kiyi wa chipinda changa sanamugwirepo.

Ndinayamba kuwafotokozera za bukulo mongocheza, kenaka chinasanduka chizolowezi. Ndisanakhale pansi n'komwe, wina, "Aitentha?"

"Sanaitenthe. Wansembe wapempha masiku."

"Wansembeyo akuifuna nkhalambayo," anatero Anachisale. "Mwamuna sangavutike chonchi ulele."

"Iwe, ilibe mano!"

"Ndiye bwino, siluma."

Tinaseka mpaka mlonda wa pasitolo anatiyang'ana. Aliyense anali ndi munthu wake womuganizira. Wina ankati bambo ake omwe a mwanayo. Ine ndinali nditaona kale. Munali mlamu wa mwini chigayo, mayi amene analira kwambiri pamaliro, amenenso anayamba kutchula dzina la nkhalambayo. Mwana uja atafa, chigayo chikanagwera ana a mayiyu.

"Yang'anani amene akulira mokweza," ndinawauza.

"Inu Mai a Esinati," anatero Anachisale, "khanda litakumwetulirani mungalifunse kuti wakutuma ndani."

Ndi m'masiku omwewo pamene Dona anandiuza kuti ndikonze kabati yawo ya nsalu. Munali mashiti oyera, olemera, ena osagonedwapo chikwatiwire chawo. Anawapapasa n'kuti, "Tenga, ine sindidzawaonanso." Ndinali nditamva kuti Esinati akudwaladwala, akutuluka thukuta pogona mpaka mphasa kunyowa. Ndinaganiza kuti mwana wanga agonepo pansalu yabwino. Ndinawapinda, ndinaika m'chikwama pamodzi ndi sopo, shuga ndi mafuta ophikira, ndinapatsa transipota amene ankatitengera katundu kumudzi. Ndinali nditakhalitsa m'nyumba za azungu, kumene nsalu yoyera ndi yogonera basi. Sindinaganize zina. Ndipo sindikupepesa kwa aliyense.

Uthenga wa imfa ya Esinati unandipeza ataika kale. Ndinapempha bwana pasipoti, iye anati pepani kwambiri, koma ukapita sudzalowanso, ndipo amayi awasamala ndani, tiyeni tione mwezi wamawa. Ndinalira m'kachipinda kaja, kukamwa nditatseka ndi chitenje kuti Dona asamve. Masana ake, "Khala apo, werenga." Ndinawerenga.

Patapita nthawi Anachisale anapita kumudzi kukaona ana, ndinamupempha kuti akafike kwathu akaone Sitela. Atabwerako, Lachinayi limenelo sanaseke. Anandikokera pambali.

"Mulimbe mtima. Kwanu akukunenani."

"Akuti chiyani?"

"Akuti munatumiza nsanda mwana ali moyo. Katundu wafika, sabata isanathe mwana wapita. Akuti munadziwa bwanji?"

Poyamba sindinamve. Kenaka ndinaona mashiti aja mmene anawaonera iwowo potsegula chikwama pakhonde: nsalu yoyera, yaitali, yopindidwa bwino, yofika pakhomo pa wodwala.

"Akuti munamukhwimira," anapitiriza. "Akuti malata a nyumba yanu aja munagula ndi moyo wa mwana."

"Akunena ndani?"

"Onse. Koma amene anatsegula chikwama n'kukuwa ndi a Felesiya."

"Nanga nsaluzo zili kuti?"

Anachisale anayang'ana kumbali. "Imodzi anamukulungira momwemo. Zinazo ndaziona pachingwe kwa a Felesiya."

Mwamva? Nsalu ya mfiti, koma kugonera akugonera.

Kuyambira tsiku limenelo bukulo sindinkaliwerengeranso Dona, ndinkadziwerengera ndekha. Mudzanditcha wopusa, palibe kanthu. Ndinali ndekha m'dziko la eni, wopanda pepala, wopanda wondiuza chochita, ndipo m'manja mwanga munali nkhani ya mayi wamasiye wonamiziridwa ngati ine. Ndinkati amene analemba izi ndi munthu wophunzira, wayendetsa nkhani mpaka apa, ndiye akudziwa mmene munthu amatulukira m'dzenje limeneli. Ndinkafuna kuona mlamu uja akugwidwa pamaso pa mudzi. Ndinkafuna kumva zimene nkhalambayo idzanene kwa amene anatola nkhuni. Dona akayamba kuwodzera ndinkakweza mawu kuti adzuke tipitirize.

Tinafika kumapeto tsiku lina kukugwa mvula. Mukudziwa amene anapha? Wogulitsa mipeni wina wongodutsa. Munthu amene m'buku lonselo anaonekera kamodzi kokha, ndime imodzi, akupempha madzi akumwa. Wamisala, akuti, wopha popanda chifukwa. Wansembe wamugwira pamlatho, iye waulula zonse, wadziponya m'madzi. Mlamu uja alibe mlandu. Mudzi ulibe mlandu. Atsegula chitseko, nkhalamba yatuluka, anthu agwetsa misozi, wina waipatsa buledi. Iyo osanena kanthu, kungomwetulira. Tsamba lomaliza ndi ukwati wa mwana wamkazi wa mfumu, ndipo nkhuni zija akuwotchera nyama ya paukwatipo.

Ndinatembenuza tsamba kufuna zina. Kunali kopanda kanthu.

"Zatha bwino," anatero Dona. "Wakonda?"

"Dona, m'mawa mwake nkhalambayo inakatunga kuti madzi?"

"Chiyani?"

"Chitsime n'chimodzi m'mudzimo. Inakaima pamzere ndi anthu omwe aja? Nanga mwana wina akadzadwala chaka chamawa, adzaloza ndani?"

"Ndi nthano chabe, iwe."

"Nthano yake yathawa. Wolembayu anaona kuti opha ndi a pachibale, anachita mantha, n'kukatola mlendo panjira. Ndipo amene anafuna kuitentha aja, ndani wawafunsa?"

"Usandikwezere mawu m'nyumba mwanga."

Ndinaika bukulo pamiyendo pawo mwamphamvu moti analumpha. Zaka zonse zija ndinali ndisanawayankhepo. Lachinayi nditawauza anzanga, anakwiya ngati awabera. "Wogulitsa mipeni wa kuti?" anakuwa Anachisale. "Miyezi yonseyi tikudikira munthu wopempha madzi?" Iwo anakwiya n'kuseka. Ine sindinaseke. Ndinali nditazindikira kuti palibe wansembe amene akubwera kwa Khwethemule, palibe wamisala amene adzaulule pamlatho, ndipo mdzukulu wanga akukula m'manja mwa mayi amene akumuuza kuti agogo ako anadya amako.

Bwana atabwera kudzaona mayi ake ndinamudikira pageti. Ndinati, "Pasipoti yanga lero. Mukapanda kutero ndiitana ndekha apolisi, adzandimangire pakhomo panu pano, ndipo ndiwauza amene akuisunga." Anandiyang'ana ngati waona galu akuyankhula. Anaibweretsa. Dona sananditsanzike. Anachisale anandiperekeza kokwerera basi, analira, ndipo kulira kwake ndinakukhulupirira pang'ono.

Kwathu ndinapeza tiyi ali wobiriwira momwe ndinamusiyira, madengu kumsana, kapitawo ndi ndodo yake. Zimene zinasintha ndi nkhope za anthu. Nditatsika minibasi ana anathamangira chikwama monga amachitira, mayi wina anakuwa mawu amodzi m'Chilomwe, onse anabalalika. Anthu amene ndinakula nawo ankandipatsa moni manja ali kumbuyo. M'nyumba yanga ya malata munali Felesiya ndi banja lake, akuti ankaisunga.

"Mwafika, achemwali," anatero, ataima pakhomo osasuntha.

"Sitela ali kuti?"

"Wapita kukasewera."

Anali kuseri kwa chitseko. Ndinaona timapazi.

Mawa lake achimwene anga, amene ndi eni mbumba, anaitanitsa abale kuti tikambirane. Anabweranso bambo a Sitela ndi mkazi wawo watsopano, woyembekezera. Achimwene anayankhula nthawi yaitali mozungulira, za mtendere, za kulemekeza malemu. Ine sindinkamvetsera, ndinkayang'ana. Ntchito yanga moyo wonse yakhala kuyang'ana. Mkamwini uja, amene ankakweza yekha thumba la feteleza pathirakitala, kolala ya shati inkamuzungulira khosi ngati yobwereka. Tsitsi lapyapyala, milomo yofiira, ndipo chipsera cha mashingozi chinkatulukira m'khosi kukafika kukhutu. Kenaka anamutulutsa Sitela. Mwana wa msinkhu wa sukulu, koma thupi ngati wongosiya kuyamwa. Zilonda m'mutu, anabere m'khosi monse, ndipo pachifuwa mphini zokhazokha, zina zatsopano. Atandiona anabisa nkhope m'chitenje cha Felesiya.

"Ndiye ife tagwirizana," anamaliza achimwene, "kuti tiitane munthu adzayeretse pakhomo. Mlongo, ngati mulibe kanthu simungakane. Mwanayunso wayamba kudwala, ndiye tikuti mumusiye."

"Kuchipatala munapita naye?"

"Izi si zachipatala," anatero Felesiya.

"Iwe ndiwe dokotala?"

"Ine sindine amene ndinatumiza nsanda."

"Koma ndiwe amene ukugonera."

Wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Ndinaimirira, ngakhale mkazi saimirira pamaso pa eni mbumba. Ndinati, "Achimwene, muli ndi maso. Tayang'anani mkamwini wanu. Bambo a Sitela, kwezani mutu. Esinati anafa ndi edzi. Nonse mukudziwa, munamusambitsa ndinu. Mwasankha ine chifukwa ndinali kutali, ndiponso chifukwa nyumba yanga ili ndi malata."

Mawu amenewo nthawi imeneyo sankatchulidwa pagulu. M'buku muja, chilungamo chikanenedwa anthu amagwetsa misozi n'kubweretsa buledi. Kwathu mkazi woyembekezera uja anagwa pansi n'kuyamba kukuwa kuti ndamulodza mimba. Mkamwini anatola mpini. Anamugwira ndi anyamata, koma mochedwa dala, kuti ndiuone bwino. Felesiya ankazungulira manja ali kumutu, "Mwamva? Mwamva? Watchula wina!"

Phokoso litatsika ndinati, "Nyumba khalanimo. Munda limani. Ndipatseni mwana."

Achimwene anayang'ana abalewo mmodzimmodzi. Si munthu woipa, ndi wamantha chabe, ndipo amantha ndi amene amatola nkhuni. Potsiriza anati, "Mtengeni. Koma mumve bwino, mlongo. Akafera m'manja mwanu, ine sindidzatha kuwagwira anthuwa. Musadzabwere kwa ine."

Ndinamvetsa zimene ankanena. Chaka chomwecho kutsidya kwa mtsinje anali atakhapa mayi wina ndi zikwanje, mdzukulu wake atamwalira. Ndinamuyang'ananso Sitela. Kunena zoona sindinkadziwa ngati afika nyengo ya mvula. Ndikamusiya afa ndithu, koma afera kwa Felesiya, ine n'kuthawira kutauni ndi moyo wanga. Ndikamutenga mwina afabe, ndipo ine pambuyo pake.

Ndinamunyamula. Anakuwa, anandiluma paphewa mpaka magazi, akuitana Felesiya kuti amayi. Palibe amene anandithandiza kumanga chitenje.

Kuchipatala cha pa Boma anamuyeza, anandiuza zimene ndinkadziwa kale. Mankhwala otalikitsa moyo anali atangoyamba kuperekedwa, ndipo anamulemba. Ndinachita lendi kachipinda pamsika, kutali ndi abale, ndinayamba kukazinga mandasi. Miyezi yoyambayo sindiifunira munthu. Ankasanza, ankatentha thupi, ndipo chilichonse ndikamupatsa ankakana mpaka nditayamba ndadya ine. Mapiritsi ankawabisa m'tsaya, ndinkamutsegula kukamwa ndi chala. Akatsokomola, oyandikana nawo ankasuzumira pazenera, ndipo ndinkadziwa kuti uthenga ukafika kumudzi lisanalowe dzuwa. Chikwama changa chinkakhala chomangamanga.

Sanafe. Zilonda zinauma, tsitsi linamera, masaya anabwera. Anayamba sukulu mochedwa koma mutu ali nawo. Tsiku limene ananditcha agogo koyamba ankafuna ndimugulire fulizesi, ndiye musaganize kuti ndinalira.

Bambo ake anamwalira chaka chotsatira. Mkazi uja anatsatira. Inu mukuganiza kuti pamenepo anthu anabwera kudzapepesa. Wolemba buku uja akanalemba choncho. Chimene chinachitika n'chakuti mayi wina wodzagula mandasi, poyesa kuti sindikumva, anauza mnzake kuti, "Ndi omwe aja. Mkamwini anangomuloza chala pagulu, wapita. Koma mdzukulu anamumasula, taonani wanenepa." Akafa ndine, akachira ndinenso. Ndalama yake anaiika pathebulo, osati m'manja mwanga.

Mwezi wathawu Felesiya anabwera. Anaima patali ndi mbaula, mwana kumsana, mdzukulu wake wa kwa mwana wake woyamba. Timiyendo tinkalendewera ngati tindodo. Anagwada pafumbi, pamsika, anthu akuona.

"Achemwali, zakale zinapita. Chonde, mumumasule nayenso."

Mafuta anali akuwira patsogolo panga, ndipo Mulungu andikhululukire zimene ndinaganiza. Ndinayang'ana khosi la mwanayo, ndinayang'ana m'mutu mwake. Kenaka ndinayang'ana anthu amene anali atasiya kugula n'kumatiyang'ana, mmodzimmodzi, kuti ndidzawakumbukire.

"Dzuka," ndinatero. "Mawa m'mawa undipeze pokwerera minibasi. Ndikakuonetsa khomo lolowera kuchipatala ndi mzere woima."

"Zikomo, achemwali, zikomo. Tamugwirani pang'ono ndikonze chitenje."

Ndinabweza manja kumbuyo. Ndinakweza mawu kuti msika wonse umve.

"Ayi. Ubereke wekha, umwetse wekha. Nonse mwaona, ine sindinamukhudze."